Ndikufuna masters ya kusamala zaluso zakale: ndiyambire pati kuno ku Nkhotakota?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akuphunzitsa pasukulu ya sekondale ku Nkhotakota. Akuti: "Ndili ndi digiri yoyamba ya zaluso ndipo ndimajambula bwino. Kutchalitchi kwathu kuli mabuku akale a ubatizo amene masamba ake akuthothoka, komanso chithunzi cha penti chimene chayamba kusupuka. Ndamva kuti kunja kuli maphunziro a masters a conservation, ophunzitsa kukonza ndi kusamala zinthu zotere. Ndingakaphunzire kuti, amafuna chiyani, ndipo ndikabwerako ntchito ndidzaipeza?"

Aphunzitsi, ndiyambe ndi chimene simunafunse. Mabuku a ubatizo aja musawamate ndi selotepi, musapite nawo kokachita lamineti, ndipo chithunzicho musachipukute ndi nsalu yonyowa kapena kuchipaka vanishi watsopano. Zina zonse zikhoza kudikira, koma selotepi ikakhalitsa papepala ndi kutentha kwa kunyanja kuno, zomatira zake zimalowerera m'kati mwa pepalalo n'kusiya banga lachikasu limene ngakhale katswiri amavutika nalo. Ndibwereranso ku mabukuwo, chifukwa ndi omwewo angakuthandizeni kupeza malo kusukulu.

Mwanena kuti mumajambula bwino. Zimenezo n'zothandiza, pakuti ntchitoyi imafuna dzanja losanjenjemera ndi diso lotha kusiyanitsa mitundu, moti sukulu zina zimayesa maso ndi manja a munthu pa tsiku la intavyu. Koma mapepala anu akafika kwa osankha ophunzira, chimene adzayambe kufufuza ndi Chemistry. Ambiri ochokera ku zaluso amagwera pamenepa, ndipo amadabwa chifukwa palibe anawauzapo.

Chifukwa chake chili m'chithunzi cha kutchalitchi kwanu chomwecho. Chithunzi cha penti chimakhala chosanjikiza: pansi nsalu kapena thabwa, kenako guluu, kenako choyera chimene wojambula anayala kuti penti agwire, kenako pentiyo, pamwamba vanishi. Mvula ikagwa mu Disembala mpweya n'kudzaza chinyezi, thabwa limafufuma ndipo guluu amafewa. Pofika Okutobala zonse zauma n'kukokana. Penti wakale ndi wouma gwa, sangatsatire kusinthaku chaka ndi chaka, ndiye amang'aluka n'kuyamba kumatuka. Wokonza ayenera kudziwa mankhwala amene angasungunule vanishi wachikasu osakhudza penti wapansi pake, ndipo kusiyana kwa ziwirizi nthawi zina kumakhala kochepa kwambiri. Kumabuku nakonso n'chimodzimodzi. Inki imene inkagwiritsidwa ntchito kwambiri kale, yotchedwa iron gall, ili ndi chitsulo ndi asidi, imadya pepala pang'onopang'ono mpaka zilembo kubooka, ndipo chinyezi chimafulumizitsa kudyekako. Munthu wosadziwa zimenezi amafika ndi mtima wabwino ndi kansalu konyowa, n'kuwononga m'kanthawi chimene chinapirira zaka 100.

Palinso chizolowezi china cha wojambula chimene aphunzitsi anu adzalimbana nacho. Wojambula akaona pamene penti wachoka, mtima umamuuza kuti adzazepo, akongoletse. Wa conservation amaphunzira kudziletsa: achite chochepa chokhacho chofunika, alembe ndi kujambula chilichonse chimene wachita, ndipo chimene waikapo chikhale choti wobwera pambuyo pake angathe kuchichotsa. N'chifukwa chake pepala timalimata ndi phala la sitalichi ya tirigu ndi timapepala topyapyala ta ku Japan, ndipo mbiya yosweka timailumikiza ndi guluu wotchedwa Paraloid B-72, amene amasungunukanso m'mankhwala otchedwa acetone. Mu 2014 ndevu za chigoba chagolide cha Tutankhamun, mfumu yakalekale ya ku Egypt, zinathothoka ku myuziyamu ya ku Cairo, ogwira ntchito n'kuzimata mothamanga ndi guluu wolimba kwambiri wotchedwa epoxy. Zinatengera akatswiri a ku Germany ndi a ku Egypt masabata ambiri mu 2015 kuti achotse guluu ameneyo, ndipo pobwezeretsa ndevuzo anagwiritsa ntchito phula la njuchi. Ngati zotere zinachitikira chuma chodziwika padziko lonse, ganizirani zimene zimachitika m'timaofesi ta maparishi.

Nanga n'kukaphunzira kuti? Kuno kwathu mayunivesite amaphunzitsa zoyandikana nazo. Ku University of Malawi ku Zomba kuli zaluso, mbiri yakale ndi Chemistry, ku MUST ku Thyolo kuli Bingu School of Culture and Heritage, ku Mzuzu University kuli za malaibulale ndi kusunga zolembedwa. Koma masters yokhala pabenchi n'kumagwira zinthu zenizeni muyenera kuitsatira kunja.

Ine ndikanakhala inu, maso anga akanakhala pa University of Pretoria. Mu 2019 anayamba masters ya Tangible Heritage Conservation ndi thandizo la Andrew W. Mellon Foundation, ndipo inali yoyamba ya mtundu wake kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ndi ya zaka ziwiri: chaka choyamba m'kalasi ndi mu labotale, chachiwiri kafukufuku ndi kugwira ntchito pa zinthu zenizeni. Ubwino wake si kufupika kwa ulendo kokha. Zinthu zimene mudzagwire kumeneko, mikanda, mbiya, zosema, zikopa, mapepala a m'nthawi ya atsamunda, n'zofanana ndi zathu, ndipo aphunzitsi ake amadziwa tanthauzo la kusamala katundu m'nyumba yopanda makina oziziritsa mpweya. Chenjezo ndi limodzi. Ku South Africa munthu amalowa masters atachita honours, chaka chowonjezera pamwamba pa digiri yoyamba, ndipo digiri yakunja imayamba yaunikidwa ndi bungwe la SAQA. Akaiika digiri yanu pa mlingo wa digiri wamba, mudzayamba mwachita chaka cha honours. Chaka chimenecho chiwerengereni pa ndalama ndi pa nthawi, chisadzakudzidzimutseni.

Ku America sukulu zodziwika ndi zinayi. Ya Winterthur ndi University of Delaware ndi ya zaka zitatu ndipo imatenga ophunzira 10 pachaka, ya Buffalo State nayonso zaka zitatu, ya New York University, imene inayamba mu 1960, ndi ya zaka zinayi, ndipo ya University of California (UCLA) ndi Getty ku Los Angeles, ya zaka zitatu, imatsamira pa zofukulidwa pansi ndi zinthu za chikhalidwe. Wosankhidwa kawirikawiri salipira fizi ndipo amapatsidwa kangachepe kodyera, n'chifukwa chake mpikisano wake ndi woopsa. Amafuna general chemistry ndi organic chemistry za pa yunivesite zochitira mu labotale, maphunziro a mbiri ya zaluso, zitsanzo za ntchito za manja anu, komanso umboni woti munagwirapo ntchito pansi pa katswiri. Delaware kwa nthawi yaitali inkafuna maola 400 a ntchito yotere. Ana a komweko, okhala ndi ma myuziyamu pakhomo, ambiri amalephera ulendo woyamba n'kuyesanso. Sindikunena kuti musayese, koma musaike mtima wanu wonse kumeneko.

Ku Britain sukulu n'zambiri ndipo iliyonse ili ndi mbali yake. Zithunzi za penti ndi ku Courtauld Institute ku London ndi ku Hamilton Kerr Institute ya Cambridge. Zinthu za m'myuziyamu ndi zofukulidwa ndi ku Cardiff, Durham ndi University College London. Nsalu ndi ku Glasgow, mabuku ndi zitsulo ku West Dean, mapepala ndi zithunzi ku Northumbria. Vuto la kumeneko ndi ndalama, ndipo pali msampha umene ambiri sauona. Sikolashipu ya Chevening, imene aMalawi timaidziwa kwambiri, imalipirira masters ya chaka chimodzi chokha, pamene maphunziro ogwira ndi manja ambiri ndi a zaka ziwiri kapena zitatu. Munthu akhoza kulandira kalata yomuvomera ku Cardiff, n'kusangalala mudzi wonse, kenako n'kupeza kuti thumba limene ankadalira silingamulipirire. Za ku Italy ndi ku France ndingodutsapo: maphunziro ake akuluakulu ndi a zaka zisanu, m'zilankhulo zawo, ndipo kwa munthu amene ali kale pantchito sindiona kuti ndi njira.

Pa za ndalama za ku South Africa, yang'anani Mandela Rhodes ngati simunakwane zaka 30, chifukwa imalipirira honours kapena masters kwa mwana wa dziko lililonse la mu Africa. Yang'ananinso Canon Collins Trust ndi Mastercard Foundation Scholars Program, imene ilipo pa Pretoria pomwepo. Ya ku America ndi Fulbright, yodzera ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Malamulo awo amasintha chaka ndi chaka, choncho muwawerenge nokha pa intaneti m'chaka chimene mukufunsiracho.

Tsopano pa nkhani imene ndikuona kuti ndi yaikulu kuposa dzina la sukulu: mukaphunzire mbali iti? Anthu ambiri akamva za ntchitoyi amaganiza za munthu wovala zoyera akutsuka chithunzi cha mafuta cha zaka 400. Zithunzi zoterozo kuno n'zowerengeka. Chuma chathu chili kwina. Chili m'mafayilo a National Archives ku Zomba, amene anakhazikitsidwa mu 1947. Chili m'zipinda zosungira katundu za ku Chichiri Museum, ku Mangochi, ku Mzuzu ndi ku Karonga. Chili m'mikanda, minyanga, mkuwa ndi mapale a mbale za ku China zimene Dr Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, likulu lakale la Amaravi kufupi ndi Mtakataka. Chili m'mapanga 127 a ku Chongoni ku Dedza, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kumene adani ndi utsi, madzi oyenderera pathanthwe ndi ana olemba mayina awo ndi makala. Kwanu komweko ku Nkhotakota kuli mbiri ya a Jumbe, mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, mishoni ya Anglican imene inakhazikika mu 1894, ndi manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895. Funsaninso m'mizikiti ndi m'mabanja akale za zolembedwa m'zilembo za Chiarabu. Munthu amene waphunzira mapepala ndi mabuku, kapena zinthu za mtengo, dongo ndi chitsulo, sadzasowa chogwira. Wophunzira zithunzi za mafuta zokha adzabwerako n'kumasuzumira ntchito za ku Johannesburg.

Ndipo chimene chikuwononga zinthu zimenezi si ukalamba. Ndi chiswe, anankafumbwe, mphemvu, makoswe, ndowe za mileme, denga lodontha ndi chuku. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chambiri chimathera m'nkhokwe osati m'munda, ndipo za m'myuziyamu zimathanso choncho. Chinyezi cha mumpweya chikakhalitsa pamwamba pa 65 kapena 70 peresenti, chuku chimayamba, ndipo kunyanja m'dzinja chimapitirira pamenepo masabata ambiri. Mabuku a ku Ulaya adzakuuzani kuti mapepala ndi nsalu aziikidwa pa kuwala kosapitirira 50 lux, chipinda chizikhala chozizira mofanana usana ndi usiku. Zoona, koma ndi magetsi athuwa, makina oziziritsa amene amayaka ndi kuzima akhoza kuwononga kuposa chipinda chongopita mphepo bwino. Mbali ya ntchito yoteteza zinthu zisanawonongeke imatchedwa preventive conservation, ndipo kwa ife ndi imene imapulumutsa zambiri pa ndalama zochepa. Bungwe la ICCROM la ku Rome linaona zimenezi kalekale. Kuyambira 1990 mpaka 2000 linayendetsa pulogalamu ya PREMA yophunzitsa ogwira ntchito m'ma myuziyamu a mu Africa, ndipo mwa iyo munabadwa École du Patrimoine Africain ku Porto-Novo ku Benin mu 1998, ndi malo ena ophunzitsira ku Mombasa mu 2000. Njira yawo yokonzera zipinda zosungira katundu, yotchedwa RE-ORG, ili pa intaneti mwaulere. Northumbria nayonso yakhala ikuphunzitsa masters ya preventive conservation munthu ali kwawo. Imeneyo siikuphunzitsani kumata mbiya, koma si yonyozeka.

Pali china chimene sukulu zakunja zingokupatsani theka lake. Mukatsika ndi msewu wa M5 kudutsa Salima mpaka ku Mua, mupeza Kungoni Centre imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi Chamare Museum yosunga zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Pitani mukaone, ndipo muli komweko mudzifunse kuti ndani ali ndi chilolezo chogwira chiyani. Pali za kudambwe zimene eni ake anazipangira kuti gule akatha zitenthedwe. Pali zimene munthu amene sanagule njira sayenera kuziona m'kati mwake, ngakhale atavala magolovesi ndi kunyamula satifiketi ya ku London. Wa conservation wabwino amayamba wakhala pansi ndi mafumu ndi akuluakulu a mwambo, ndipo akamuuza kuti ichi chisiyeni chiwole, amachisiya. Sukulu monga UCLA zimaphunzitsa kugwira ntchito limodzi ndi eni chikhalidwe, koma ulemu wa kwathu kuno mudzauphunzira kwa eni ake.

Ndiye muchite chiyani kuyambira mawa? Dzipatseni zaka ziwiri zokonzekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chemistry muyambe ndi mnzanu amene amaphunzitsa phunziroli pasukulu panu pomwepo, akubwezereni pa mlingo wa MSCE ndi kupitirirapo. Kenako pali maphunziro a Chemistry for Conservators a International Academic Projects ku London, ochitira kunyumba kwa miyezi ingapo, amene sukulu zingapo za ku Britain zimawalandira. Za ku America zimafuna makalasi enieni a pa yunivesite, ndiye ngati mtima uli kumeneko mudzafunika kulembetsa ku koleji. Pa tchuthi chilichonse, lemberani ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, ku National Archives kapena ku Kungoni, mupemphe kukathandiza mongodzipereka. Akakupatsani ntchito yosesa mashelefu ndi kulemba manambala pa katundu, musaione ngati yachabe, ndi ntchito yeniyeni imeneyo. Muzilemba tsiku, maola ndi chimene mwachita, woyang'anira azisainira.

Mabuku a ubatizo aja akhale ntchito yanu yoyamba, koma mutapempha chilolezo kwa abusa kapena ansembe ndi akuluampingo, chifukwa muli mayina a anthu ndi nkhani za mabanja. Musakonze kanthu. Muwawerenge, mulembe zaka za buku lililonse ndi mmene lawonongekera, mujambule tsamba lililonse ndi foni pamthunzi powala bwino. Fumbi ndi chuku chouma muchotse ndi kaburashi kofewa, panja, mutavala chotchinga mphuno. Masamba othothoka muwasiye pamalo pake, buku lonse mulikulunge ndi pepala loyera losalembapo n'kulimanga ndi kansalu. Muwachotse pansi ndi pakhoma la kunja, akhale pa shelefu m'chipinda chopita mphepo, ndipo musawatsekere m'jumbo ali ndi chinyontho. Mankhwala opopera tizilombo asawakhudze. Akatswiri amapha tizilombo ta m'mabuku powamanga m'pulasitiki ndi kuwaika m'firiji yofika -20°C kwa sabata kapena kuposerapo, n'kuwasiya afunde ali m'pulasitikimo, koma njira imeneyi imafuna magetsi osazima ndipo si ya chithunzi cha penti. Chithunzicho ngati chikuthothoka, muchigoneke chagada pamalo ouma, tizidutswa togwa mutole n'kusunga mu envelopu. Mugule kachipangizo koyezera chinyezi ndi kutentha, muzilemba m'mawa ndi madzulo kwa chaka chathunthu. Mukadzaika pamaso pa osankha ophunzira lipoti lotere, lokhala ndi zithunzi, manambala ndi zifukwa zimene munasiyira zina osazigwira, lidzakuyankhulirani kuposa zojambula zanu zokongola.

Za ntchito ndisakunamizeni. Malo olembedwa kuti conservator m'boma ndi ochepa, satuluka kawirikawiri, ndipo malipiro ake ndi a m'boma monga mukuwadziwira. Amene amakhalitsa m'ntchitoyi amaphatikiza: pang'ono kuphunzitsa, pang'ono kulangiza matchalitchi, malaibulale ndi mabanja, pang'ono mapulojekiti a ndalama zakunja. Endangered Archives Programme ya British Library, mwachitsanzo, imapereka ndalama zojambulira ndi kuteteza zolembedwa zimene zili pangozi, ndipo mabuku ngati a kutchalitchi kwanu ndi a mtundu womwewo. Choncho kulemba pempho la ndalama ndi kujambula zolembedwa pa kompyuta muziphunzire ngati mbali ya ntchito. Kufunika kwa anthu otere kulipo ndithu. Moto utagwira Jagger Library ya University of Cape Town mu Epulo 2021, mabuku ambiri amene anapulumuka anali onyowa ndi madzi ozimitsira moto, ndipo panafunika anthu odziwa kuwaumitsa osawawononga. Mayiko a ku Ulaya ayambanso kubweza katundu, monga France inabwezera dziko la Benin zinthu 26 mu 2021, ndipo katundu akabwera pamafunika womulandira amene akudziwa chochita naye.

Uphunzitsi wanu musautaye msanga. Funsani ku ofesi ya maphunziro za tchuthi chokaphunzira ndi zimene mudzasainire, kuti podzabwera mudzakhale ndi pofikira pamene mukufunafuna zina. Ndipo musanalipire ndalama iliyonse, lemberani oyendetsa pulogalamu ya ku Pretoria, muwatumizire mndandanda wa maphunziro amene munachita pa digiri yanu, muwafunse ngati ikukwanira, Chemistry amene akufuna ndi wa mlingo uti, ndi chaka chimene adzatengenso ophunzira atsopano. Mapepala a ku SAQA mutumize msanga, yankho lawo silibwera sabata yomweyo.